Dzanja Lisaime

A Wilfred a m'chipinda 14 anati dzina lake ndi piki.
Ndinaseka mpaka kukhala pa bedi lawo,
zimene malamulo a ntchito amaletsa.
Kwathu ku Ntcheu piki ndi chitsulo cha mano awiri
chimene malume anakumbira dzenje la chimbudzi pamiyala,
mwezi wathunthu, matuza m'manja monse.
Kuno ku Bradford ndi kapulasitiki kofiira,
kongolingana ndi chikhadabo.

Ndiye ndinakagwira molemekeza dzina lake:
chibakera, mano gwa,
n'kutsitsa mkono wonse kuchokera paphewa.
Khwaa! Nsambo zonse zinalira ngati malata osasuka ndi mphepo.
Mayi a m'chipinda 15 analiza belu.

"Pano sitikumba," anatero a Wilfred.
"Pinda mkombaphala ngati ukukodola mwana mobisa.
Goneka kapiki pambali pake.
Chala chachikulu chibwere pamwamba, chopingasa, chingokhala.
Kansonga kokha kasuzumire
ngati lilime la mphaka wogona.
Zitatu zotsalazo zisiye, zilibe mlandu."

Nditamasula kanapulumuka
n'kugwera m'dzenje la gitala.
Tinaizondotsa, kuikhutchumula,
iko kakungoti kobokobo m'katimo, kutiseka,
tiyi wawo n'kuzizira pathebulo.

Ndili pa basi usiku umenewo ndinakumbukira ngumbi.
Ukafinya waphwanya mafuta.
Ukalekerera yauluka.

Sabata yachitatu anandiletsa chigongono.
"Ntchito ili apa," n'kundigwira pamfundo ya dzanja,
pomwe ine ndimawagwira m'mawa uliwonse
powerenga kugunda kwa mtima wawo.
"Waza ngati wasamba m'manja ndipo thaulo palibe."

Pansi, pansi, m'mwamba,
m'mwamba, pansi, m'mwamba.

Ndinkapunthwa malo amodzimodzi.
Pakati pa m'mwamba awiriwo pali pansi wina wobisika:
dzanja limatsika koma silikhudza nsambo,
limangodutsa ngati munthu wa ngongole pakhomo pa golosale.
Ine pamenepo ndinkaima, kudikira,
nyimbo n'kutsimphina.

"Dzanja lisaime. Ukhudze, usakhudze, lisaime."
Kenako anayang'ana lawo,
limene linasangalatsa anthu a m'mafakitale a ubweya zaka makumi atatu,
tsopano likunjenjemera lokha pa bulangeti,
chaka chachisanu ndi chinayi.
"Langali linamvera mopitiriza," anatero,
tonse n'kuseka, ine mochedwerapo.

Ndinayeserera pa msoko wa buluku,
pa chitsulo cha basi, pa m'phepete mwa sinki podikira ketulo,
magolovesi ali m'manja, chipale chikugwa panja mopanda phokoso.
Mnyamata wina pa siteji anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Mu February anataya dzina langa.
Anayamba kunditcha Doreen, mlongo wawo amene anamwalira kalekale,
ndipo ndinkavomera.
Gitala inakhala pakona milungu iwiri.
Tsiku lina nditawasintha zofunda ndinaitenga,
kapiki pakati pa zala ngati ngumbi yamoyo.
Maso awo anali pa zenera, kutali ndi ine.
Pansi, pansi, m'mwamba,
ndipo pamene dzanja langa linadutsa osakhudza kanthu,
pa malo opanda phokoso aja,
phazi lawo linati tcha pa chopondera cha njinga yawo.
Ndinabwereza. Tcha.
Pomwepo, osati patsogolo, osati pambuyo.

Lamlungu ndinaimbira foni Sekerani, mwana wanga,
kuti amve zimene amake aphunzira kwa azungu
kupatula kunyamula okalamba.
Ndinatsamiritsa foni ku botolo la mafuta ophikira.
Pakati pa nyimbo netiweki inathawa,
nkhope yake inauma pa galasi, kukamwa kuli yasa.
Kale ndikanaima, n'kuyamba kukuwa: ukundimva? Ukundimva?

Sindinaime.
Atabwerera anandipeza ndili m'kati,
ndipo anaomba m'manja molakwitsa,
mochedwa ndi mtunda wonse umene uli pakati pathu.